Gasi wa m'mafiliji ndi kutentha kwa dziko: mafunso ndi mayankho pa ziwerengero za maiko

Tikamakamba za kusintha kwa nyengo, maganizo amathamangira ku utsi wa galimoto, makala ndi nkhalango zomwe zatha. Koma pa malipoti amene maiko amatumiza ku United Nations pali mzere wina, wa mipweya yomwe sichokera pa moto ayi. Ndi yochita kupanga m'fakitale, yonse ili ndi fluorine, ndipo ina mwa iyo ili m'filiji ya pa golosale pomwe mumagula zoziziritsa kukhosi.

Kodi mipweya yake ndi iti?

Ili m'magulu anayi. Lalikulu ndi la ma HFC. Uyu ndi gasi wa m'mafiliji, m'ma AC a m'nyumba ndi a m'galimoto, m'zipinda zozizira zosungiramo nyama ndi nsomba, m'zozimitsira moto zina, ngakhalenso m'timapampu topopera m'kamwa ta odwala mphumu. Okonza mafiliji amamutchula ndi manambala: R-134a, R-404A, R-410A, R-32. Gulu lachiwiri ndi la ma PFC, omwe amatuluka posungunula aluminiyamu komanso popanga tizipangizo ta m'kati mwa mafoni ndi makompyuta. Kenako pali SF6, amene amamuthira m'maswitchi akuluakulu a pa masiteshoni a magetsi kuti moto usalumphe. Wotsiriza ndi NF3, wotsukira makina a m'mafakitale a zamagetsi.

Atatu oyambawo analembedwa m'pangano la maiko la za nyengo la Kyoto la 1997. NF3 anadzamuwonjezera mu 2012 ku Doha.

Poti ndi yochepa, chodetsa nkhawa n'chiyani?

Kuchepa ndi yochepadi. Mu 2019 inali pafupifupi 2 peresenti ya mpweya wonse wotenthetsa dziko umene anthu anatulutsa. Vuto ndi ukali wake. Kilogalamu imodzi ya R-134a imasunga kutentha kofanana ndi makilogalamu 1,430 a carbon dioxide pa zaka 100. R-410A ndi 2,088. R-404A, yemwe wadzaza m'mafiliji a m'masitolo akuluakulu, ndi 3,922. SF6 amapitirira 22,000.

Tiwerengere ndi galimoto. AC ya galimoto yaing'ono imalowa gasi wokwana theka la kilogalamu kapena kuposerapo pang'ono. Theka la kilogalamu ya R-134a likatayika, ndi chimodzimodzi kuwotcha malita a petulo opitirira 300. Silinda ya makilogalamu 13.6, ija imakhala pakona mu shedi ya okonza mafiliji, ili ndi matani 19 a carbon dioxide m'mimba mwake, pamene munthu mmodzi amainyamula ndi dzanja limodzi.

Palinso nkhani ya kukhalitsa. R-134a amaphwanyika yekha mumlengalenga pakatha zaka pafupifupi 14. SF6 amatha zaka zoposa 1,000, ndipo CF4, wa m'gulu la PFC, amafika zaka 50,000. Awiriwa akatuluka, kwatha.

Zinayamba bwanji kuti dziko lonse lidzaze ndi ma HFC?

Anabwera ngati mankhwala a matenda ena. Kale mafiliji ankayendera ma CFC, monga R-12, omwe anapezeka kuti akuboola ozoni, chophimba chija chimatiteteza ku cheza choopsa cha dzuwa. Pangano la Montreal la 1987 linawathetsa: maiko olemera anasiya pofika 1996, maiko ongotukuka kumene pofika 2010. M'malo mwake munalowa ma HCFC monga R-22, omwe nawo akuchotsedwa pang'onopang'ono mpaka 2030 kumbali yathu ino, kenako ma HFC. Ma HFC alibe chlorine, choncho ozoni saikhudza. Za kutenthetsa dziko zinkadziwika ndithu, koma nthawi imeneyo anthu ankazimitsa moto umene unali pakhomo.

Nanga ziwerengero za maiko zikukwera kapena zikutsika?

Zimatengera dziko lake lafika pati pa ulendo. Mukayala ziwerengero za maiko a mafakitale kuyambira 1990, ambiri amaonetsa kutsika, kenako kukwera, kenako kutsikanso. Kutsika koyamba ndi kwachiwiri n'kosiyana kwambiri, ndipo munthu akasokoneza ziwirizi amayamikira dziko pa ntchito yomwe silinagwire.

Kutsika koyamba kunabwera ndi mafakitale owerengeka pa zala. Popanga R-22 pamatuluka mpweya wina wosafunika, HFC-23, womwe ukali wake ndi 14,800. Poyamba ankangoutayira kunja pa chumuni. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 fakitale ya ku Dordrecht ku Netherlands ndi ya ku Runcorn ku Britain anaika ng'anjo zowotchera mpweyawu, ndipo mzere wa maiko awiriwa unagwa m'zaka ziwiri zitatu zokha. Opanga aluminiyamu nawo anaphunzira kuyendetsa bwino miphika yawo yosungunulira, ma PFC n'kuchepa. Ku Norway fakitale ya magnesium ya ku Porsgrunn, yomwe inkagwiritsa ntchito SF6, itatseka m'zaka za m'ma 2000, chiwerengero cha dziko chinatsika nacho. Zonsezi zinali zosavuta: mwini wake mmodzi, chumuni chimodzi, lamulo limodzi.

Kukwera kunachokera kwina. Pamene mafakitale aja ankatseka mipata, mafiliji a m'masitolo, ma AC a m'maofesi ndi galimoto mamiliyoni ambiri zinali kudzazidwa ndi ma HFC, ndipo chilichonse chimataya pang'ono pang'ono. Ku America boma limawerengera kuti sitolo yaikulu wamba imataya pafupifupi kota ya gasi wake chaka chilichonse kudzera m'mapaipi ndi m'zolumikizira. Apa palibe chumuni choti uikepo ng'anjo. Pali timabowo tosaoneka m'malo osawerengeka, tina pansi pa simenti, tina kuseri kwa injini.

Kutsika kwachiwiri ndiye kovuta, ndipo ndi maiko ochepa okha amene afikapo.

Ndi maiko ati amene afikapo?

Maiko a European Union ndi omwe ali patsogolo. Anaika lamulo loyamba mu 2006, lokakamiza eni makina akuluakulu kumayeza ngati gasi akutayika. Silinakwanire kutembenuza zinthu, ndipo ziwerengero zinakwerabe mpaka 2014. Chaka chomwecho anakhazikitsa lamulo lachiwiri lomwe linagwira pakhosi penipeni: linaika mlingo wa ma HFC ololedwa kulowa pa msika, n'kumaudula zaka zingapo zilizonse, ndi cholinga chodula 79 peresenti pofika 2030. Kuchokera 2015 mzere wakhala ukutsika. Galimoto zatsopano zonse zogulitsidwa kumeneko kuyambira 2017 siziloledwa gasi wa ukali wopitirira 150, zomwe zinachotsa R-134a. Lamulo la 2024 likuti pofika 2050 ma HFC asadzalowenso pa msika wawo n'komwe. Maiko ena anawonjezera msonkho: Denmark mu 2001, Norway mu 2003, Spain mu 2014.

America inachedwa. Lamulo lake lodula ma HFC ndi 85 peresenti pofika 2036 linadutsa mu December 2020. Ku Japan ma HFC anakwera chaka ndi chaka kuchokera pakati pa zaka za m'ma 2000 mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2020. China ndiye amapanga ma HFC ambiri kuposa dziko lililonse, amagulitsa kunja, komanso amagwiritsa ntchito yekha ochuluka. India ndi maiko a kum'mwera chakum'mawa kwa Asia ali pa chitunda chokwera, chifukwa anthu akangopeza kandalama, kumalo otentha chotero, AC imakhala m'gulu la zinthu zoyamba kugula. Bungwe la International Energy Agency linawerengera mu 2018 kuti ma AC pa dziko lonse adzachoka pa 1.6 biliyoni kufika pa 5.6 biliyoni pofika 2050. Ndiye mukaphatikiza maiko onse, ma HFC otuluka akukwerabe, ngakhale ku Ulaya akutsika.

Dziko limadziwa bwanji kuchuluka kwa gasi amene latulutsa, poti saoneka?

Silimuyeza, limachita kuwerengera. Ndipo pali ziwerengero ziwiri zomwe anthu amasokoneza, ngakhale olemba nkhani.

Choyamba ndi gasi amene dziko lagwiritsa ntchito: amene lapanga, kuwonjezera amene walowa, kuchotsa amene watumizidwa kunja. Ichi n'chosavuta, zikalata za pa boda zimanena. Ndi chimene maiko amapereka pansi pa pangano la Montreal. Chachiwiri ndi gasi amene wapita mumlengalenga chaka chimenecho, chomwe chimalowa mu lipoti la za nyengo. Kuti achipeze, akatswiri amayerekeza kuti m'dziko muli mafiliji angati, ma AC angati, galimoto zingati, chilichonse chimalowa gasi wochuluka bwanji, chimataya gawo lanji pa chaka, chimakhala zaka zingati, ndipo chikafa gasi wotsalayo amapita kuti. Njira zowerengera zimachokera ku IPCC, gulu la asayansi a za nyengo la United Nations.

Pakati pa ziwirizi pali gasi yense amene ali m'makina omwe akugwira ntchito lero. Ali ngati chimanga cha m'nkhokwe yobooka pansi: ungasiye kuthiramo china, koma chomwe chilimo chidzatayikabe mpaka nkhokwe itauma. N'chifukwa chake dziko likadula gasi wolowa chaka chino, chiwerengero cha gasi wotuluka chimadzamva patapita zaka. AC yogulidwa lero ili ndi R-410A idzakhala ikutaya gasi ameneyo mpaka m'ma 2035 kapena kupitirira, kaya lamulo lisinthe mawa.

Kodi dziko silingangolemba chiwerengero chabwino kuti lioneke laukhondo?

Lingalembe, koma mphepo imaulula. Pali malo oyezera mpweya omwe amatenga zitsanzo usana ndi usiku: Mace Head ku Ireland, Jungfraujoch pamwamba pa mapiri a ku Switzerland, Gosan pa chilumba cha Jeju ku South Korea, Cape Grim ku Tasmania. Poti mipweya iyi pafupifupi yonse ndi yopangidwa ndi anthu, ikachuluka ndiye kuti wina wataya, ndipo potsata komwe mphepo yachokera amatha kuloza dera lake.

Mu 2018 asayansi anaona kuti CFC-11, yemwe analetsedwa kalekale, sakutsika mumlengalenga monga ankayembekezera. Chaka chotsatira anapeza kuti gawo lalikulu likuchokera kum'mawa kwa China, kuzigawo za Shandong ndi Hebei. Boma la China linachita chipikisheni m'mafakitale, ndipo mpweyawo unatsikanso. Ya HFC-23 ndiye inavuta kwambiri. China ndi India analengeza kuti akuwotcha mpweyawu m'mafakitale awo, moti pa pepala unayenera kugwa kwambiri. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2020 anaonetsa kuti mu 2018 unatuluka wochuluka kuposa chaka china chilichonse m'mbuyomo.

HFC-23 yemweyu anali atachititsa kale manyazi. Pansi pa pangano la Kyoto, mafakitale a m'maiko ongotukuka ankalipidwa akamuwotcha, ndipo malipirowo anakoma mpaka panabuka madandaulo akuti ena akupanga R-22 wochuluka dala kuti apeze zinyalala zambiri zowotcha. European Union inasiya kulandira ziphaso zoterezi mu 2013.

Ku Africa malo oyezera otere ndi ochepa kwambiri, choncho ziwerengero zathu zambiri zilibe mboni yachiwiri. Chiwerengero chaching'ono pa lipoti la dziko losauka chingatanthauze kuti gasi ndi wochepadi, chingatanthauzenso kuti palibe anawerenga.

Pangano la Kigali likuti chiyani kwenikweni?

Pa 15 October 2016, ku Kigali m'dziko la Rwanda, maiko anagwirizana zolowetsa ma HFC m'pangano la Montreal. Linayamba kugwira ntchito pa 1 January 2019. Silithetseratu ma HFC, limangowadula, ndipo maiko anawagawa patatu.

Olemera anayamba kudula mu 2019 ndi 10 peresenti, 40 peresenti mu 2024, mpaka 85 peresenti mu 2036. Gulu lalikulu la maiko ongotukuka, momwe muli China, Brazil ndi maiko onse a mu Africa, linayenera kuima pa mlingo umodzi mu 2024, kenako lidule 10 peresenti mu 2029, 30 mu 2035, theka mu 2040, ndi 80 peresenti mu 2045. India, Pakistan, Iran, Iraq ndi maiko a ku Gulf anapempha nthawi yowonjezera chifukwa cha kutentha kwa kwawo: adzaima mu 2028 n'kufika 85 peresenti mu 2047. Zonse zitatsatidwa, kukwera kwa kutentha kwa dziko kungachepe ndi pafupifupi theka la digiri pofika 2100.

Mali ndiye anali woyamba kuvomereza mwalamulo. Malawi anavomereza mu 2017, m'gulu la maiko oyambirira, pamene China ndi India anadzabwera mu 2021, America mu 2022.

Kanthu kena kamene sikakambidwa kawirikawiri: mlingo wa gulu lathu unawerengedwa pa zaka 2020 mpaka 2022, nthawi ya Covid, malonda ataima. Dziko lomwe linalowetsa gasi wochepa zaka zimenezo linadzipezera denga lotsika. Panganoli limawonjezerapo gawo lina lochokera pa mlingo wakale wa ma HCFC, zomwe zimapatsa maiko kampata kopumira, koma kwa dziko lomwe anthu ake angoyamba kumene kugula mafiliji, denga ndi denga.

Ife kuno sitipanga gasi. Nkhaniyi ikutikhudza pati?

Pa zimene timalowetsa. Galimoto zogwiritsidwa kale ntchito zochokera ku Japan, zodzera pa Dar es Salaam n'kulowa pa Songwe, zambiri zimabwera ndi R-134a. Mafiliji ndi ma AC amalowa pa Mwanza, Dedza ndi Mchinji, ena atsopano, ena okalamba omwe eni ake oyamba anawataya. Msika wa ku Ulaya ukakana makina a gasi wakale, opanga sawaphwanya. Amawatumiza komwe kulibe lamulo lowakana. Ghana inaona zimenezi n'kuletsa mafiliji akale ochokera kunja mu 2013, makamaka chifukwa cha kudya magetsi.

Ndipo kuziziritsa tikukufuna, tisanamizane. Katemera amafuna filiji, mkaka wa alimi a ku Thyolo umafuna thanki yozizira, nsomba za ku Mangochi zimaola pa msewu, ndipo amene anagonako ku Nsanje mwezi wa October sangadzudzule munthu wogula AC. Chiwerengero cha dziko ngati Malawi chidzakwera ndithu, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo: gawo lathu pa vutoli ndi laling'ono zedi. Chomwe chili m'manja mwathu ndi mtundu wa gasi amene adzakhale m'makina omwe sitinagule. Maiko olemera anadzaza kaye nyumba zawo ndi R-404A ndi R-410A, tsopano akulipira kuti amuchotse. Ife ambiri sitinadzaze. Ku Malawi nkhanizi zili pansi pa nthambi ya Environmental Affairs, ndipo ndalama zophunzitsira amisiri ndi ogwira ntchito m'maboda zimachokera ku thumba la pangano la Montreal.

Filiji yanga akuti gasi watha. Ndingothiritsa wina basi?

Gasi wa m'filiji satha ngati wophikira. Amazungulira m'mapaipi otsekeka, ndipo filiji yabwino imatha zaka 15 osathiridwa ngakhale kamodzi. Ngati wachepa, pali poboola. Mmisiri amene wangofika, n'kulumikiza silinda, n'kuthira, n'kulandira ndalama, wakugulitsani ulendo wina wobwereranso pakatha miyezi itatu. Wodziwa ntchito amapaka thovu la sopo m'zolumikizira, amayang'ana pomwe pali mafuta a kompuresa onyowetsa paipi, amawotcherera, amapopa mpweya wonse kutuluka, kenako amathira gasi woyezedwa pa sikelo molingana ndi kapepala komatidwa kumbuyo kwa filiji kapena m'kati mwake. Kawirikawiri bowo limachokera pa mpeni umene wina ankagobera ayezi mu fireza.

Chimodzimodzi AC ya galimoto yofuna kuthiridwa chilimwe chilichonse. Ndipo kumva kuti "psss" pamene mmisiri akudula paipi ndi kumva gasi akupita. M'maiko a malamulo okhwima umenewo ndi mlandu, gasi amayenera kukokeredwa m'silinda ina. Makina okokera ndi odula, n'chifukwa chake amisiri ambiri a m'misika yathu alibe, si kuti sadziwa.

Gasi akayamba kusowa, sadzayamba kuzembetsedwa?

Zinachitika kale. Mu 2018 European Union itadula mlingo wake kufika pa 63 peresenti, mitengo inakwera kangapo, ndipo masilinda anayamba kulowa mozemba kudzera m'malire a kum'mawa, m'mabuti a galimoto ndi m'malole. Gasi wotereyu salembedwa pena paliponse, choncho amabisa mbali ya chiwerengero cha dziko. Choopsa china ndi gasi wachinyengo. Mu 2011 makontena oziziritsa anaphulika ku Vietnam ndi ku Brazil, anthu n'kufa, chifukwa silinda zolembedwa R-134a zinali zosakaniza ndi methyl chloride. Silinda yotchipa modabwitsa ndi yofunika kuiopa.

Cholowa m'malo mwake n'chiyani? Si choopsa?

Pa mafiliji a m'nyumba nkhani inatha kale. R-600a, amene ukali wake ndi pafupifupi 3 poyerekeza ndi 1,430 uja, anayamba ku Germany kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kampani ya Foron itagwirizana ndi bungwe loteteza chilengedwe la Greenpeace, ndipo lero mafiliji atsopano ambiri amabwera ndi iyeyu. Yang'anani pa kompuresa, zalembedwa. Amayaka moto, n'zoona, koma m'filiji ya m'nyumba amakhala wochepa, kawirikawiri osafika magalamu 100. Ngozi ili pomuthira m'makina omwe sanapangidwire iye, kapena powotcherera paipi gasi asanatuluke yense.

Masitolo akuluakulu ku Ulaya asamukira ku carbon dioxide weniweniyo, mafakitale a ayezi akhala akugwiritsa ntchito ammonia kuyambira kale, ndipo pa ma AC pali R-290 ndi R-32. R-32, wa ukali 675, ndi wongodutsirapo chabe. Galimoto zatsopano zikulowa R-1234yf, yemwe satenthetsa dziko kwenikweni koma akaphwanyika amasanduka asidi wotchedwa TFA, amene amagwa ndi mvula ndipo sawola. Aka kangakhale kachitatu kuti cholowa m'malo chibwere ndi vuto lakelake, ndipo n'chifukwa chake ambiri akukonda mipweya yachilengedwe.

Nanga SF6 ndi ma PFC, poti Kigali sinawakhudze?

Sinawakhudzedi, ndipo SF6 akukwera. Kulikonse kumene akumanga mawaya a magetsi, ngakhale a dzuwa ndi mphepo, kumafunika maswitchi. Kafukufuku woyeza mpweya anaonetsa kuti SF6 wochokera ku China anawirikiza pafupifupi kawiri pakati pa 2011 ndi 2021, kupitirira theka la wa dziko lonse. Ku Germany gawo lalikulu la SF6 limachokera m'mawindo otchinga phokoso omwe anaikidwa zaka makumi angapo zapitazo: nyumba ikamagwetsedwa, galasi likasweka, gasi amatuluka. Nsapato za Nike nazo zinkakhala ndi SF6 m'zidendene mpaka m'ma 2000. Ma PFC m'chigawo chathu chino nkhani yake ili pa mafakitale a aluminiyamu, monga Hillside ku Richards Bay m'dziko la South Africa.

Filiji ikafa, gasi wake amapita kuti?

Kuno kwathu, mumlengalenga. Ogula zitsulo amafuna kopa wa m'mapaipi ndi kompuresa, bokosi limasanduka mosungira ufa kapena mokwiririra mabotolo ndi ayezi pa msika. Koma ngakhale Japan, yomwe ili ndi lamulo lotolera gasi kuyambira 2001, kwa zaka zambiri inkalephera kutolera ngakhale theka la gasi wa m'makina amalonda otayidwa. Thovu louma la m'makoma a filiji yakale nalo limasunga CFC kapena HFC, nthawi zina wochuluka kuposa wa m'mapaipi, ndipo amatuluka bokosilo likaphwanyidwa kapena kuwotchedwa. Ngati muli ndi filiji yakufa, funsani kaye mmisiri amene ali ndi makina okokera gasi musanaitane ogula zitsulo.